Bambo anga anapuma ntchito alibe nyumba yawoyawo

Kalata ija inafika Lachinayi masana, amayi ali pakhonde kupeta mpunga. Inali yaifupi. Inathokoza bambo chifukwa cha zaka zonse zimene anagwira ntchito, kenaka n'kunena kuti mphunzitsi wamkulu watsopano afika teremu ikamatsegulidwa, choncho tikhale titatuluka m'nyumba. Bambo anaiwerenga ali chiimire, anaipinda kanayi n'kuilonga m'thumba la malaya awo akuda aja. Amayi anatula lichero pansi.

"Nanga tilowera kuti, Bambo?"

"Mulungu adziwa, Mayi."

Atatero anakankha njinga, ulendo kukapereka Ukaristia kwa gogo wina amene ankadwala kuseri kwa phiri. Ine ndi amayi tinatsala tikungoyang'anana, nkhuku zikujompha mpunga m'lichero muja popanda woziingitsa. Munali mu 2002, chaka chimene njala inavuta m'dziko muno, anthu mpaka kumadya gaga ndi mizu ya nthochi.

Nkhaniyi ndakhala nayo mumtima nthawi yaitali. Ndaganiza zoifotokoza chifukwa cha anthu amene akukhala m'nyumba za sukulu ndi za mpingo lero: aphunzitsi, ansembe, akazi awo ndi ana awo. Nanenso ndine mphunzitsi, ndipo ndimaona anzanga akuyenda njira yomweyo imene bambo anayenda.

Bambo anabadwira pachilumba cha Likoma ndipo anabatizidwira m'tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene amishoni a mpingo wa Anglican a bungwe la UMCA anayamba kumanga mu 1903. Ankatiuza kuti ali mwana ankayesa kuti munthu aliyense padziko ndi wa Anglican. Anakwera Ilala ali mnyamata kubwera kumwera kuno kudzaphunzira ku Malosa, ndipo Zomba sanachokenso. Anayamba uphunzitsi, Lamulungu n'kumathandiza ngati katekisiti. Unsembe anadzozedwa m'masiku a Bishopu Donald Arden, amene anatsogolera mpingo kuno kuyambira 1961 mpaka 1981. Koma choko sanachisiye. Malipiro ankalandira ku boma monga mphunzitsi, pamene unsembe ankangotumikira modzipereka. Kusukulu anali Ahedi, kutchalitchi anali Bambo, ndipo ifeyo ana awo tinakula tikudziwa kuti dzina limenelo timagawana ndi parishi yonse.

Pamtengo wa mango wa pakati pa sukulu ndi tchalitchi panapachikidwa limu ya galimoto. Ndiyo inali belu. Lolemba mpaka Lachisanu inkaitana ana, Lamulungu inkaitana Akhristu, ndipo kawirikawiri woimenya anali bambo omwewo, ndi kachitsulo kamene ankakasunga kuseri kwa chitseko cha ofesi. Ankadzuka kusanache kunena mapemphero a m'mawa. Pomwe ife tinkamwa phala iwo n'kuti ali kale mu ofesi kusayina masikimu a aphunzitsi. Akaweruka, njinga: kumaliro, kwa odwala, kumilandu ya mabanja, kumatchalitchi ang'onoang'ono a kumidzi amene analibe wansembe wawo. Usiku ankachonga makope a Sitandade 8 pa nyali ya galasi, ulaliki wa Lamulungu uli pambali ukudikira.

Mayeso akayandikira, pabalaza pathu pankagona ana ochokera kutali, ena Akhristu, ena Asilamu, pakuti dera lathu Ayao ndi ambiri. Lachisanu bambo ankaonetsetsa kuti ana achisilamu aweruka msanga kuti akapeze swala. Amayi akadandaula kuti ufa ukutha, ankangoti, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe," amayi n'kuonjezera madzi m'poto. Sindinawaonepo akubweza mwana chifukwa cha fizi popanda kupita okha kukaonana ndi makolo ake. Zimenezi ndimazinyadira mpaka lero, ndipo musaganize kuti zimene ndinene kutsogoloku zikuchotsa kanthu pa ulemu wawo.

Amayi ndi a kuno konkuno, mudzi wawo uli cha ku Songani. Kwathu kuno malo amayenda ndi mbumba, mwamuna amabwera kudzakhala kwa mkazi. Amalume, achimwene awo a amayi, anawatenga bambo tsiku lina n'kukawaimika pamalo okwera bwino, kumunsi kwake kuli chulu chachikulu. "Alamu, malo ndi awa. Dothi ndi ili. Umbani njerwa, nyumba za sukulu zimakhala ndi eni ake." Bambo anathokoza, ndipo chilimwe chimenecho njerwa zinaumbidwadi n'kuotchedwa. Ndimakumbukira uvuni uja ukuyaka usiku wonse, ife ana tikuotcha chimanga m'mphepete mwa moto.

Kenaka kunabwera 1994. Boma latsopano la Bakili Muluzi linalengeza kuti sukulu ya pulayimale ndi yaulere, ndipo m'dziko lonse ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Ife chiwerengero chimenecho tinachiona ndi maso pabwalo la sukulu yathu. Tsiku lotsegulira, bambo anatulutsa tebulo n'kuliika pansi pa mtengo wa mango, mzere wa makolo ndi ana unakafika mpaka kumsewu. Kunabwera tiana timene sitinkatha kugwira khutu podutsitsa mkono pamutu, kunabweranso anyamata omera kale ndevu kudzayamba Sitandade 1. Rejisitala inadzaza, anayamba kulemba maina m'makope wamba. Aphunzitsi amene anatumizidwa ambiri anali achinyamata osadutsa kukoleji, moti bambo ankakhala nawo madzulo kuwaonetsa kalembedwe ka pulani ya phunziro ndi kagwiridwe ka choko. Makalasi anali pansi pa mitengo, bolodi atalitsamiritsa pathunthu. Mvula yoyamba itagwa mu Novembala, ana onse anathamangira m'tchalitchi, makalasi anayi m'chipinda chimodzi, uyu akuimba a e i o u, uyo akuwerengetsa samu.

Sabata yomweyo bambo anabwereka ngolo. Njerwa zathu zonse zinachoka ku Songani kubwera kusukulu. Amayi sanalankhule kanthu masiku awiri. Makalasi awiri amene anamangidwa ndi njerwazo alipobe, ndipo ndikadutsa pamenepo ndimaimirira pang'ono.

Patapita zaka anaumbitsanso zina. Izo zinapita kutchalitchi china chakumudzi chimene khoma lake linagwa ndi mvula. Apa amayi analankhula, ndipo ndinamva ndili kuchipinda. "Bambo, ana a eni mwawamangira, Mulungu mwam'mangira. Nanga ine mudzandisiya pati?" Bambo anayankha ndi nkhani zimene ankazikonda. Anatchula Bishopu Mackenzie amene anafika ku Magomero mu 1861 n'kumwalira ndi malungo chaka chotsatira, kutali ndi kwawo. Anatchula Leonard Kamungu, amene anadzozedwa unsembe mu 1909 n'kusiya kwawo kupita ku Msoro, m'dziko limene lero ndi Zambia, kumene anamwalira mu 1913. "Anzathu aja anamanga nyumba zawo?" Amayi anayankha motsitsa mawu kuti, "Anzanuwo sanakalambe."

Mawu amenewo ndawasinkhasinkha zaka zambiri. Amuna amene bambo ankawatsanzira anafa akadali ndi mphamvu. Bambo anapatsidwa mphatso ya ukalamba, ndipo ukalamba umafuna denga. Ndikadutsa pa koleji ya ansembe ya Leonard Kamungu mu mzinda wa Zomba muno n'kuona anyamata akutuluka ndi mabuku m'khwapa, ndimalakalaka wina atawauza zimenezi asanadzozedwe. Kumanga kanyumba ka zipinda ziwiri si kuchepa chikhulupiriro. Ndi kuchitira chifundo mkazi amene wakhala akukuchapirani mkanjo zaka makumi atatu.

Panalinso chifukwa china chimene bambo anadzandiuza mochedwa kwambiri, atadwala kale. Anati, "Mayi, ine ndine mkamwini. Ndinkaopa kuti ndikamanga kwa eni, amayi ako akadzatsogola, ndidzauzidwa kuti ndinyamule mphasa yanga. Ku Likoma nako ndinachoka kalekale, ndani akundidziwa?" Ndinalira. Munthu amene ankaweruza milandu ya mabanja a anthu ena anasenza mantha amenewa yekhayekha, osauza ngakhale mkazi wake. Ndipo mantha ake sanali opanda pake, taonapo madoda akuthamangitsidwa pamudzi maliro a mkazi asanazizire. Koma mankhwala ake analipo: kukhala pansi ndi eni mbumba nthawi ikadalipo n'kupangana poyera.

Tinasamuka ndi kagalimoto ka matola, maulendo awiri. Tinakalowa m'kanyumba ka udzu kamene agogo anasiya, zipinda ziwiri, chitseko cha bango. Mabuku a bambo anatsala m'makatoni pakona, ndipo pofika mwezi wa Febuluwale chiswe chinali chitalowa pansi. Tsiku limene tinatsegula katoni yoyamba, mabuku anangoyoyoka m'manja ngati gaga. Bambo anatola chikuto cha buku lina limene anapatsidwa tsiku lodzozedwa, analiyang'ana nthawi yaitali, n'kutuluka panja osanena kanthu. Usiku mvula ikagwa amayi ankadzuka kusuntha mkanjo wa unsembe kuuchotsa podontha, n'kuufunditsa pepala la pulasitiki, iwo eni n'kukhala tsonga pampando mpaka kucha.

Tinkati ndalama za penshoni zikatuluka timanga. Apa ndi pamene ndinaphunzira za mapepala. Ku ofesi ina anatiuza kuti mufayilo ya bambo mukusowa kalata yowatsimikiza pa ntchito ndi ina yowakweza udindo. Bambo sankadziwa kumene anaika zawo. Munthu amene ankasunga marejisitala a ubatizo a zaka makumi awiri osasowa tsamba, makalata ake enieni analibe nawo ntchito. Ine ndiye ndinali woyenda, popeza ndinali nditangoyamba kumene kulandira. Zomba, Lilongwe, Zomba, basi ya usiku, kugona kwa achibale, kubwerera chimanjamanja. Chaka chinatha, china n'kuyamba. Kalata imodzi tinadzaipeza itapindidwa m'kati mwa buku lawo la mapemphero, anaisandutsa chosungira tsamba. Inayo tinachita kukaipempha kumene anayambira ntchito.

Choncho mphunzitsi mnzanga, lero lomwe gulani fayilo ya pulasitiki. Muikemo kalata yokulembani ntchito, yokutsimikizani, iliyonse yokusamutsani, iliyonse yokukwezani, masatifiketi anu, ndi timapepala ta malipiro ta mwezi ndi mwezi pamene pali nambala yanu ya ntchito. Chitani fotokope zonsezo, mpukutu wina mukasungitse kwa m'bale wodalirika kumudzi wina, muzijambulenso pafoni. Onetsetsani kuti dzina lanu ndi tsiku lobadwa zalembedwa mofanana paliponse, chifukwa chilembo chimodzi chokha chimatha kuimitsa fayilo. Ndipo musadikire kalata yopumitsa. Kukatsala zaka ziwiri pitani mukafunse nokha ngati fayilo yanu ili yokwanira. Mkazi kapena mwamuna wanu adziwe pamene mapepalawa ali. Kwa ansembe, funsani ku ofesi ya dayosizi yanu mudakali ndi mphamvu kuti dongosolo la opuma lili bwanji, makamaka ngati mumatumikira mongodzipereka monga ankachitira bambo. Safunsa anadya phula.

Ndalama zisanatuluke, bambo anagwa.

Kupuma kwawo kunali kwa kusukulu kokha, kuguwa ankapitabe. Kwa miyezi ingapo ankadandaula mutu wa kunkhongo ndi chizungulire, n'kumangomwa Panado. Ife tinkati ndi maganizo a nyumba. Linali Lamulungu la Kanjedza, tchalitchi chodzaza, ana atanyamula masamba awo. Ndinakhala kutsogolo ndi amayi. Pofika pokweza chikho, ndinaona mkono wawo wamanja ukukwera pang'ono n'kubwerera. Anayesanso. Chikho chinapendekeka, vinyo n'kudonthera pansalu yoyera ya paguwa. Mawu amene anawanena kambirimbiri pamoyo wawo anayamba kutuluka olemera ngati a munthu amene wadzaza nsima m'kamwa, ndipo mlomo unakhotera mbali imodzi. Mnyamata wotumikira paguwa ndi amene anawagwira asanafike pansi.

Panali ena amene ankati tiwagoneke kaye m'chipinda chovalira, tiwapemphere, mphepo iwapite. Mayi wina wa mumpingo, namwino wopuma, anakana kwamtuwagalu. "Iyi ndi sitiroko. Pempherani tili m'galimoto." Tinathamangira ku chipatala cha St Luke's ku Malosa, ndipo anatilandira mwachangu. Atawayeza BP, namwino anatifunsa kuti anayezetsa liti komaliza. Tinayang'anana. Bambo, amene anaperekeza odwala osawerengeka kuchipatala chomwecho, anali asanatambasulepo mkono wawo kuti awayeze.

Kuthamanga kwa magazi sikuchenjeza. Munthu amatha kuyenda nako zaka akupalasa njinga bwinobwino. Kuyezetsa sikutenga mphindi zisanu, ndipo ngati nambala ikumafika 140/90 kapena kupitirira mobwerezabwereza, pamafunika kuonana ndi achipatala, kuchepetsa mchere, ndi kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku osalekeza ngakhale thupi likumveka bwino. Mukaona munthu mlomo wakhota, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi walefuka, mawu akulemera, musamugoneke kuti apume, musam'mwetse kanthu, pezani galimoto. Ndipo inu akuluakulu a mpingo ndi a komiti ya sukulu, mtsogoleri wanu sadzakuuzani kuti watopa. Muuzeni ndinu. Bambo akanamva mawu a mpingo kuposa a ife ana awo.

Anatuluka m'chipatala mkono wamanja wosagwira, mwendo akukoka. Kubwerera nawo m'kanyumba kodontha kaja kunandipweteka kuposa china chilichonse. Ndinapita kwa amalume ndekha, ndinagwada, n'kuwauza zimene bambo anandiuza zija za ukamwini. Amalume anakhala chete, kenaka anati, "Alamu anga aganiza zimenezo zaka zonsezi?" M'mawa mwake anaitana mbumba yonse ndi amfumu. Pamaso pa onse ananena kuti nyumba imene imangidwe pamalo paja ndi ya alamu awo ndi mlongo wawo, ndipo aliyense mwa awiriwo amene adzatsale adzakhalamo mpaka Mulungu adzamuitane. Ndinalemba mawuwo m'kope, amfumu anadinda, mboni zinasayina. Bambo anali pampando, misozi ikutsikira mbali imodzi ya nkhope. Msonkhano umenewu sunathe ngakhale ola limodzi, ndipo ukanatheka zaka makumi awiri m'mbuyomo. Masiku ano kulinso lamulo la malo a makolo la 2016 limene limalola kulembetsa malo otere, choncho kafunseni ku ofesi yoona za malo ya m'boma lanu m'mene mungachitire.

Penshoni itatuluka inali itachepa mphamvu, pakuti mitengo ya simenti ndi malata inali itakwera pa nthawi yonse imene tinkayendera mapepala. Inakwanira maziko, simenti ndi mitengo ya denga basi. Njerwa tinaumba tokha mwezi wa Julayi pachulu chomwe chija, amayi a Mothers' Union, bungwe la amayi a mumpingo, akutunga madzi m'mamawa asanapite kuminda kwawo. Sitinapemphe aliyense. Koma mbiri inayenda yokha kuti Ahedi akugona modontha. Tsiku lina kunafika bambo wina wa ndevu zake, atavala kofia, atanyamula chingwe ndi levulo. Anagwada pafupi ndi mpando wa bambo n'kunena kuti, "Ahedi, simungandikumbuke. Ndinagona pabalaza panu chaka chimene ndinalemba Sitandade 8." Bambo anamuyang'anitsitsa, n'kutchula dzina lake ndi la mudzi wake, mawu akulemera koma osaphonya. Mmisiri ameneyo anamanga nyumba yonse mpaka pa lenta, ndipo ndalama imene tinamupatsa anaibweza m'manja mwa amayi.

Malata anabwera limodzilimodzi. Wina wogulitsa matemba mumsika wa Zomba anabweretsa awiri atawamanga panjinga. Wina woyendetsa minibasi anatsitsa atatu pamsewu n'kutumiza mwana kudzatiuza. Msilikali wina wa ku Cobbe Barracks anabwera ndi misomali ndi chitseko. Ndikunena izi moyamikira kuchokera pansi pa mtima, komabe ndisakunamizeni: ndikudziwa aphunzitsi ndi abusa ena abwino ngati bambo amene palibe anawabweretsera ngakhale lata limodzi. Ifenso thandizoli linatipeza bambo atagona kale modontha nyengo zitatu za mvula, mabuku atatha, mkono utafa. Chifundo cha anthu ndi chokoma chikabwera, koma si pulani. Ine ndinaumba njerwa zanga chaka chachitatu cha ntchito, ndipo chaka chilichonse ndikalandira kandalama kapadera ndinkagula malata awiri n'kukawasungitsa kwa amayi. Zinanditengera zaka zisanu ndi ziwiri, koma ndinamaliza ndikadali pa ntchito.

Bambo anaphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere. Anapempha kope ndi pensulo, ndipo aliyense wobweretsa kanthu ankamulemba: dzina, mudzi, chimene wabweretsa, monga ankalembera rejisitala. Zilembo zake zinali zazikulu, zopendekeka, ngati za mwana wa Sitandade 2. M'mawa uliwonse akatha mapemphero ankatsegula kopelo n'kutchula maina onse limodzilimodzi pamaso pa Mulungu, Akhristu ndi Asilamu omwe.

Tsiku lolowa m'nyumba anavala mkanjo wawo. Ndinawagwirira mbale ya madzi, iwo akuwaza ndi dzanja lamanzere chipinda ndi chipinda, amayi akutsatira pambuyo ndi nyimbo. Titafika kuchipinda chogona anaima, anayang'ana kudenga nthawi yaitali, n'kutembenukira kwa amayi.

"Mayi, ndinakuchedwetsani."

"Lowani, Bambo. Mwafika."

Anakhalamo zaka zinayi. Usiku wa mvula yoyamba sanagone, anakhala pabalaza kumvetsera ikulira pamalata. Amayi akadali momwemo mpaka lero, ndipo kope lija lili pawindo la kuchipinda, pamodzi ndi kachitsulo kaja komenyera belu, kamene tinadzakapeza pansi pa katoni ya mabuku.